Sitolo yaikulu ikatsekedwa, nyumbayo tiitani nayo?

Nyumba ya sitolo sichedwa kukalamba ikangotsekedwa, makamaka kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo kumene mvula siichitira masewera. Dzinja limodzi lokha, masamba adzaza m'mapaipi otsitsa madzi a padenga, madziwo ayamba kutsetsereka pakhoma, malata achita dzimbiri pamene pali misomali. Chiperoni cha mu Juni ndi Julaye chikabwera chipeza zitseko zotseka, chinyontho n'kukhazikika m'katimo, chuku n'kuyamba kudetsa siling'i. Mwini nyumba, kaya ndi banja, kampani kapena kopaletivi, sakhala ndi zaka zambiri zoti aziganiza. Ofuna malowo nawonso sasowa. Abusa amabwera ndi akuluampingo awo, ogula nandolo amabwera atanyamula sikelo, wina akufuna kutsegula sukulu, wina akuti tingogwetsa timange zatsopano. Aliyense amalankhula zokoma, koma nyumbayo siingagwire ntchito zonsezi mofanana, chifukwa anaimanga ndi cholinga chimodzi.

Nyumba zimene timazitcha masitolo akale zili mitundu iwiri, ndipo mbiri yake ndi yosiyana. Malonda a m'sitolo m'dziko muno anayamba ndi kampani ya African Lakes, ya mu 1878, imene anthu anaizolowera ndi dzina loti Mandala. Pambuyo pake kunabwera Kandodo, komanso amwenye amene anafika mpaka m'misika ing'onoing'ono ya kumidzi. Sitolo ya mmwenye mukuidziwa: khonde lalitali kutsogolo pamene pankakhala telala ndi makina ake, kauntala m'kati, kachipinda kosungira katundu, ndiye kuseri nyumba yogona ya banja lonse. Munthu sunkagwira katundu ndi manja ako. Unkaloza, wogulitsa n'kukutsitsira. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Kamuzu Banda linalamula kuti amalonda achimwenye achoke m'midzi ndi m'matauni ang'onoang'ono, ndipo pofika 1978 anali atasonkhana m'mizinda ikuluikulu. Nyumba zawo zambiri zinatsala, zina zinapeza eni atsopano, zina zinangogwa.

Mtundu wachiwiri ndi wa sitolo yodzitengera wekha katundu pashelefu. Kagulitsidwe kameneka kanayambira ku America, pamene Clarence Saunders anatsegula Piggly Wiggly mumzinda wa Memphis mu 1916. Sitolo imene ambiri amati ndiyo supamaketi yoyamba, King Kullen ya mu 1930 ku New York, inatsegulidwa m'nyumba imene kale inali galaja, choncho kusintha ntchito ya nyumba kunayamba limodzi ndi masitolowo. Kuno kwathu anafalitsa kagulitsidweka ndi a People's Trading Centre, PTC ija, imene inayamba mu 1973 pansi pa kampani ya Press, n'kufika m'maboma ambiri, pomwe Chipiku inkapikulitsa katundu kwa eni magolosale. Kwa ana a nthawi imeneyo, kulowa mu PTC tsiku la malipiro kunali ulendo wouvalira zovala zabwino. Mu 2022 Press Corporation inagulitsa PTC, ndipo sipanapite nthawi masitolo ake anatsekeka.

Sitolo ya mmwenye siivuta kuipezera ntchito, popeza ndi yaing'ono ndipo zipinda ilinazo kale. Yovuta ndi yachiwiriyi. Ndi chiholo chimodzi chachikulu, magalasi kutsogolo, chitseko chachikulu kuseri potsitsira katundu wa m'malole, mwina kachipinda kozizira ka nyama ndi mkaka, kaofesi ka manijala, ndi chimbudzi chimodzi kapena ziwiri za antchito. Mawindo m'mbali mulibe kapena ndi ting'onoting'ono ta m'mwamba, chifukwa makomawo anali a mashelefu. Kuwala kunkachokera ku magetsi tsiku lonse. Njira iliyonse imene mungasankhe ikumana ndi zinthu zitatuzi: mdima, kuchepa kwa mpweya, ndi kuchepa kwa zimbudzi.

Tchalitchi ndiye chimalowa mosavuta kuposa onse. Chotsani mashelefu, sesani, ikani mipando ndi guwa, Lamlungu lomwelo mapemphero ayamba. Mpingo sugumula makoma, sudzaza pansi ndi katundu wolemera, ndipo amayi a mumpingo amasamala malo kuposa wobwereka wina aliyense. Lendi imachokera m'chopereka ndi chakhumi, choncho imayenda ndi thumba la akhristu, miyezi yokolola ili bwino, Januwale ndi Febuluwale mudzamva kuti "tipirireni pang'ono, bambo." Chimene chimandidetsa nkhawa ndi khomo. Sitolo inkalandira anthu olowa ndi kutuluka pang'onopang'ono tsiku lonse, pamene tchalitchi chimasonkhanitsa mazana nthawi imodzi, ana ali momwemo. Chitseko chakuseri chija nthawi zambiri chimakhala chokhoma ndi loko wadzimbiri, kiyi wake sadziwika kumene ali. Moto utabuka ku mawaya a zokuzira mawu, anthu onse athamangira khomo limodzi. Mpingo ukafuna nyumbayo, uvomere kaye kuti zitseko zonse zizikhala zotsekula nthawi ya mapemphero, ubowole mawindo, ndipo umange zimbudzi zina panja.

Palinso mbali ina imene eni nyumba saiganizira. Sitolo yaikulu inkakoka anthu kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, ndipo mayi wogulitsa nthochi pakhonde, mnyamata wa kabaza ndi wokonza nsapato ankadyera pomwepo. Tchalitchi chimatseka masiku ambiri a sabata. Pamalo ngati pa Chitakale kapena pa Luchenza, nyumba yaikulu yapakati pa msika ikamakhala yotseka masana, malonda a oyandikana nayo amazilala. Ndipo mpingo uliwonse umalakalaka kumanga kachisi wakewake, ukapeza malo udzachoka. Ine ndimaona tchalitchi ngati wobwereka wabwino wa zaka ziwiri kapena zitatu, wosunga nyumba kuti isagwe pamene mwini wake akusonkhanitsa ndalama zochitira zina.

Kusungiramo mbewu ndiye njira imene imaoneka yoyenera dera lino, ndipo ndi imene ikufunika kuiunika mofatsa. Maboma athu ano amalima nandolo wambiri, ndipo nyengo yake ikafika, chakumapeto kwa nyengo yozizira mpaka mu Okutobala, ogula amasowa poika matumba. Chitseko chakuseri ndi malo oimikapo lole zilipo kale. Mdima si vuto kwa thumba la nandolo. Komanso kuyambira 2018 dziko lino lili ndi lamulo la malisiti a nkhokwe, loti mlimi akasungitsa mbewu yake m'nkhokwe yovomerezeka amalandira lisiti limene angaonetse pofuna ngongole, m'malo mogulitsa motchipa nthawi yokolola. Kopaletivi ya alimi itapeza nyumba yotere n'kuikonza mpaka kuvomerezedwa, mavenda a masikelo obera akhoza kuchepa mphamvu.

Koma nandolo amadalira msika wa ku India. Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja, mitengo kuno inagwa koopsa ndipo alimi ambiri anatsala ndi matumba m'nyumba. Mu 2021 maiko awiriwa anagwirizana zoti Malawi azitumiza matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Mwini nyumba amene wadalira wogula nandolo yekha, lendi yake imakwera ndi kutsika ndi zigamulo za ku New Delhi. Ngakhale chaka chabwino, wogula amafuna nyumbayo miyezi inayi kapena isanu basi. Miyezi yotsalayo pafunika chimanga, feteleza kapena simenti, ndipo feteleza sayenera kugona chipinda chimodzi ndi chakudya.

Mdani wamkulu wa nkhokwe kuno ndi chinyontho. Chimanga chimasungika bwino chikauma mpaka madzi ake atatsika kufika pafupifupi 13 peresenti, koma mpweya wa pansi pa phiri la Mulanje umatha kuchibwezera chinyezi chili m'thumba momwemo, kenako chuku. Musanalandire ndalama ya aliyense, yesani pansi. Dulani pulasitiki yokhuthala, ngati ija yofolerera nyumba, yotalika mkono umodzi mbali zonse, muiyale pa simenti n'kumata m'mbali mwake monse ndi tepi. Chitani choncho malo atatu kapena anayi, makamaka m'makona a kumtunda kumene madzi a mvula amafikira. Mawa lake mukamatula, simenti ikapezeka yada ndipo kunsi kwa pulasitikiyo kuli timadontho, dziwani kuti madzi akukwera kuchokera pansi, ndipo thumba lililonse logona pamenepo lidzaola kunsi pamwamba pakuoneka bwinobwino. Denga nalo liyeseni masana dzuwa lili pamutu: tsekani zitseko zonse, muime pakati, muyang'ane kumwamba. Paliponse pamene pakulowa kakuwala, mu Januwale padzadontha.

Kulemera nakonso kuwerengeni. Matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani imodzi. Pansi pa sitolo anapakonzera anthu oyenda ndi mashelefu a sopo ndi shuga, pamene mulu wa matumba wofika kudenga umapanikiza malo ochepa ndi matani ambiri, simenti yopyapyala n'kung'aluka. Matumba agone pa matabwa okwera, atalikirane ndi khoma kuti munthu azitha kudutsa kuseri. Magalasi akutsogolo aja ndi chiitano kwa akuba, afunika zitsulo kapena kuwatseka ndi njerwa. Ndipo mapilitsi ophera anankafumbwe m'nkhokwe amatulutsa mpweya wakupha munthu, choncho ngati kuseri kwa khoma kukugona banja kapena kuli lesitilanti, nkhani yofukiza mbewu m'menemo iiwalike.

Njira yogawa chiholocho kukhala timashopu ndi imene imabweretsa ndalama zambiri pamwezi ikayenda bwino. Saluni, telala, wokonza mafoni, wothandiza anthu kutumiza ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba, wa kaunjika, wogulitsa mbewu ndi mankhwala a kumunda, onsewa amafuna kachipinda kapamsewu kokhala ndi loko. Mmodzi akalephera kulipira, enawo alipira, simugona ndi njala. Malowo amakhalanso amoyo sabata yonse. Vuto lake ndi kuya kwa nyumbayo. Amene apeza kutsogolo amagulitsa, amene muwaika m'kati mwenimweni amakhala mumdima, kasitomala safikako, miyezi itatu achoka. Mmisiri wanzeru amasiya kanjira kotakata kochokera khomo lakutsogolo kukatulukira kuseri, kuti anthu azidutsa ngati njira yachidule, ndipo amachotsa malata angapo n'kuika oonekera kuti dzuwa lilowe.

Mikangano ya m'timashopu imayambira pa magetsi. Mita imodzi ya ESCOM, wa saluni akuyatsa choumitsira tsitsi tsiku lonse, telala wa makina opalasa ndi mwendo akuuzidwa kuti asonkhe mofanana. Mayunitsi akatha pakati pa tsiku, phokoso. Aliyense akhale ndi mita yake, ngakhale zikuchedwetsani kutsegula. Makoma ogawira akhale a njerwa, chifukwa mapulanga amanyamula moto kuchoka shopu ina kupita ina m'kanthawi kochepa. Ndiponso dziwani kuti mwadzipezera ntchito. Kutolera lendi kwa anthu khumi, kuweruza za chimbudzi chimene palibe akufuna kutsuka, kulipira mlonda, zonsezi zimafuna munthu wokhala pomwepo. Mwini nyumba amene amakhala ku Lilongwe kapena ku Joni n'kumadalira mphwake kuti azitolera, njira iyi imupweteketsa mutu ndi kudanitsa abale.

Za sukulu sinditaya nthawi. Kalasi imafuna mawindo mbali ziwiri, zimbudzi za anyamata ndi za atsikana zokwanira, ndi bwalo losewerera kutali ndi msewu, ndipo sitolo ilibe chilichonse mwa zimenezi. Mukaigawa ndi mapulanga, mphunzitsi wa Fomu 1 amamveka mu Fomu 4. Chimene chimakwanamo ndi maphunziro a ntchito zamanja, ukalipentala, kuwotcherera zitsulo, kusoka, monga amene a TEVETA amayang'anira, popeza amafuna malo otakata, chitseko cholowetsera matabwa aatali ndi magetsi amphamvu. Kunja kuli zitsanzo zosiririka. Mzinda wa McAllen ku Texas unasandutsa sitolo yakale ya Walmart kukhala laibulale yaikulu imene inatsegulidwa mu 2011. Koma kumeneko mzinda ndiwo unagula nyumbayo n'kulipira zonse. Chitsanzo chapafupi ndi Mandala House ku Blantyre, ya mu 1882, imene ikusunga laibulale ya Society of Malawi pamodzi ndi malo odyera ndi oonetsera zaluso. Onani kuti mabukuwo sali okha, pansi pake pali malonda obweretsa anthu. Laibulale payokha pa Thyolo boma ingafune khonsolo kapena bungwe lolonjeza ndalama za chaka ndi chaka.

Njira imene imakopa anthu ophunzira ndi yosandutsa nyumbayo kukhala malo okonzera zipatso kapena oziziritsira mkaka. Ndani sanamvepo chisoni poona zinanazi zikuolera m'mbali mwa msewu ku Mulanje, kapena mapeyala akugulitsidwa mtengo wachabechabe nyengo yake ikafika? Ku Thyolo, cha ku Bvumbwe ndi Goliati, alimi a ng'ombe za mkaka ndi ambiri. Ndiye ena amati sitolo ili ndi kachipinda kozizira kale, basi tangoyambani. Apa ndiye pa chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kachipindako nthawi zambiri kamatsala makoma okha, makina ake anagulitsidwa kapena anafa. Atsopano ndi ochokera kunja, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho mtengo umene munawerengera kale sugwiranso ntchito. Magetsi akazima maola angapo popanda jenereta kapena sola yamphamvu, mkaka wa tsiku lonse watayika. Pafunika madzi ambiri aukhondo, ngalande zotulutsira madzi otsukira (sitolo inalibe zimenezi pansi pake, mudzaswa simenti), ndi chiphaso cha Malawi Bureau of Standards musanagulitse chilichonse m'botolo. Zipatso nazo ndi za nyengo, makina amatha kukhala miyezi osagwira ntchito ngongole ikubereka. Njirayi ndi yabwino kwa gulu limene lili kale ndi wogula amene wasainira kuti azitenga katundu, ndipo lili ndi ndalama zolipirira chaka choyamba osadalira phindu. Amene akuyamba ndi maloto okha, ayambe ndi malo ongosonkhanitsira, kusankha ndi kupakira zipatso zopita ku Limbe, zimene zimangofuna mthunzi, matebulo ndi sikelo.

Holo ya maukwati ndi misonkhano imafanana ndi tchalitchi pa zofunika zake, koma ndalama zake zimabwera Loweruka la miyezi yopanda mvula, ndipo imafuna poimika magalimoto. Ambiri amaphatikiza ziwirizi, ukwati Loweruka, mapemphero Lamlungu, ndipo zimatheka bola osesa agwire ntchito usiku.

Nanga kutsegulamonso sitolo? Ndiye ntchito imene nyumbayo inamangidwira, ndipo palibe chogumula. Funso n'lakuti makasitomala ake ndi ati. Ogwira ntchito m'minda ya tiyi amapeza ndalama zambiri miyezi ya mvula pamene masamba akuphuka, chilimwe ntchito imachepa. Amene ali ndi galimoto amakagula zambiri ku Limbe kapena ku Chichiri. Otsalawo amagula mafuta ophikira a m'tipulasitiki ndi shuga wopima pa hokala yapafupi, kumene angathenso kukongola. Chimene chimalimba pamalo otere ndi sitolo yopikulitsa, yogulitsa makatoni ndi mabelo kwa eni mahokala ochokera ku Limbuli, ku Nkando kapena ku Makwasa. Imeneyo siifuna mafiriji ambiri kapena magetsi owala ngati a mutauni.

Kugwetsa kumamveka ngati kuononga, koma nthawi zina n'koyenera. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 anasiya nyumba zambiri m'maboma ano zitafooka maziko ngakhale zikuoneka zoimirira. Mng'alu wopingasa wochokera pakona ya windo kutsikira pansi, wotakata moti chala n'kulowa, sufuna penti, ufuna injiniya adzaone. Ngati maziko anatitimira, ndalama zokonzera zikhoza kuposa zomangira mzere wa mashopu atsopano, makamaka pamalo amtengo wapatali a m'mbali mwa msewu wa M2. Chenjezo limodzi: nyumba zina za m'zaka zimenezo zili ndi denga kapena siling'i ya asibesitosi, ija yotuwa yooneka ngati simenti. Fumbi lake likalowa m'mapapo limadwalitsa patapita zaka zambiri. Musalole anyamata aganyu kuiswa ndi nyundo kapena kuidula ndi makina, ndipo zidutswa zake zisapite kukafolera khola la nkhuku.

Mutandifunsa ine, nyumba yolimba ya pamsika wa anthu ambiri ndingaigawe pawiri. Kutsogolo, kumene kuli kuwala ndi msewu, timashopu tinayi kapena tisanu tokhala ndi makomo akeake otulukira pakhonde. Kuseri, kumene kuli mdima ndi chitseko cha malole, nkhokwe, yolekanitsidwa ndi khoma la njerwa lofika mpaka ku malata, ndipo mbewu yolowamo ikhale yongodutsa, yosafuna kufukiza. Timashopu timabweretsa ndalama mwezi ndi mwezi zolipirira mlonda ndi msonkho wa khonsolo, nkhokwe imabweretsa ndalama yochuluka kamodzi pachaka yokonzera denga. Pamsika waung'ono, pamene obwereka timashopu sangakwane, mpingo kapena wopikulitsa mmodzi ndi wabwino kuposa kusiya nyumba yotseka.

Njira iliyonse imayamba ndi mapepala. Masitolo ambiri akuluakulu ankachita lendi, choncho dzina limene linali pachikwangwani silikuuzani mwini nyumba. Wobwereka aone chikalata cha malo ndi maso ake, adziwe ngati nyumbayo siinaikidwe chikole kubanki, ndipo ngati ndi ya banja la malemu, amve kuti ana onse ndi mwinimbumba agwirizana. Kusintha ntchito ya nyumba, monga sitolo kukhala tchalitchi kapena fakitale, kumafuna chilolezo cha a mapulani kukhonsolo motsatira lamulo la mapulani a malo la mu 2016, kaya ndi khonsolo ya boma la Mulanje, ya Thyolo kapena ya tauni ya Luchenza. M'pangano la lendi mulembedwe momveka kuti denga likadontha akonza ndani, mapaipi a madzi a padenga achotsedwa masamba mwezi uti, ndipo makoma, mawindo ndi zimbudzi zimene wobwereka wamanga zidzakhala za yani akamachoka. Ngati wobwereka ndiye akonze denga, mtengo wake uwerengedwe ndi mmisiri amene onse awiri amuvomereza, n'kumachotsedwa pa lendi mwezi ndi mwezi, ndipo ntchitoyo ithe mwezi wa Okutobala usanathe.